Njinga Imodzi, Alamu Awiri

Apongozi a kalaliki wina atamwalira anasiya zinthu zochepa. Wailesi yosalankhula. Majekete atatu. Ndi njinga yamoto imodzi, yofiira, yaitali miyendo, ya mtundu uja amati umayenda ponseponse, pa phula ndi pa fumbi pomwe. Ana anali awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Malemuwo, poti anali munthu wachilungamo, analemba pa pepala kuti njingayo ndi ya onse awiri. Chilungamo chotere chimakomera amene wagona kumanda. Otsala ndiwo amachisenza.

Mwana wamkaziyo sankakwera njinga. Ankati mafupa ake akadali ndi ntchito. Gawo lake linagwera mwamuna wake, kalaliki wa ku ofesi ya inshuwalansi, munthu wochepa thupi, wa malaya ositidwa mpaka m'khwapa. Mwana wamwamunayo, mlamu wa kalalikiyo, ankagulitsa penti m'sitolo mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamulungu anali mlimi. Anali ndi munda kuseri kwa phiri, ming'oma ya njuchi isanu ndi umodzi, mizere ingapo ya anyezi, ndi mawu a munthu wodyetsa dziko lonse.

Anagawana masiku. Lolemba mpaka Lachisanu, kalaliki. Loweruka ndi Lamulungu, mlamu. Kiyi ankasunga mkazi wa kalaliki.

Kalalikiyo anali atakwera minibasi zaka khumi ndi chimodzi. Ankadziwa chigongono cha munthu aliyense wa m'dera lawo. Njingayo inamupatsa chimene ofesi ndi nyumba sizinamupatsepo: mphindi makumi awiri m'mawa, makumi awiri madzulo, popanda womuitana. Izi sankauza munthu. Akafunsidwa, ankati njinga imathandiza kusunga nthawi.

Alamu awiriwa anakangana za mafuta. Anakangana za matope a pa mpando. Anakangana za galasi limene mlamu ankalipotoza Loweruka lililonse chifukwa anali wamtali, n'kulisiya likuonetsa mitambo. Tsiku lina ali mkati mokumbutsana yemwe anataya kachivundikiro ka pa valavu, mkaziyo anaika mbale pa tebulo n'kukhala pakati pawo.

"Ndatopa nanu. Mukakangananso kamodzi kokha za njinga imeneyi, gawo langa ndiwapatsa achimwene. Lonse. Ine ndisambe m'manja."

Sanakweze mawu. Ndicho chinaopsa kalaliki. Mlamu anayang'ana kudenga ngati munthu wamva uthenga wa maliro. Milomo yokha ndiyo inkamuvuta kugwira kuti isamwetulire.

Kwa milungu itatu kunali mtendere. Ankapatsana moni ngati akazembe a mayiko oyandikana. Kenako matayala anatha.

Shopu ya matayala inali kuseri kwa siteji ya mabasi, pakati pa owotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi. Mwini wake anali mayi wina wamfupi, wa mikono ya munthu wonyamula matumba. Onse ankamutchula Mayi Mpweya. Mkatimo munkanunkha labala ndi madzi a sopo. Kompresa inkatsokomola pakona. Matayala anali atapachikidwa kukhoma pa misomali yaitali, ena a timizere tosalala, ena a mano akuluakulu ngati a thirakitala.

Mayi Mpweya anali ndi chizolowezi chake. Sankagulitsa tayala latsopano asanawerenge lakale. Ankati eni njinga onse ndi abodza. Amene sanatulukepo m'tauni amalumbira kuti theka la moyo wawo ali kutchire. Choncho anagwada, n'kuyendetsa chikhatho pa tayala lakumbuyo, pang'onopang'ono, ngati namwino wofufuza chotupa. Pakati panali pophwatalala ngati tebulo. Anati ameneyu ndi munthu wa pa phula, woyenda chilili, woopa kupendeka pa kona, woima mwaulemu pa maloboti onse. Kalaliki anakonza kolala. M'mbali munali mabala a miyala ndi munga wothyokera mkati. Anati uyu ndi wina, wokhulupirira kuti dzenje ukalithamangira limachita manyazi. Mlamu anaseka ngati wayamikiridwa.

Ndiye mayiyo anafunsa funso lake la masiku onse. Pa maulendo khumi, angati a phula, angati a fumbi?

Kalaliki anali atakonzeka. Anatulutsa kapepala. Masiku asanu a phula, awiri a fumbi, nkhani yatha. Mlamu anati msewu suwerengedwa ndi masiku, umawerengedwa ndi mavuto. Pa phula ngakhale wilibala imayenda. Ananena izi akumwetulira, ndipo kalaliki anamwetuliranso. Onse ankadziwa amene akudikira kunyumba.

Mayiyo anatsitsa matayala atatu n'kuwaimika pansi. La mizere, anatero, pa phula lili phee, limagwira ngakhale kutagwa mvula ya m'tauni, ndipo limakhalitsa. Likalowa m'matope limasanduka sopo. La mano limaluma matope, limakumba mchenga, siliopa miyala. Likafika pa phula limalira ngati chigayo, limanjenjemeretsa manja, ndipo manowo amatha ngati choko. Lachitatu linali la theka-theka. Anati limeneli silikondweretsa aliyense kwenikweni, koma siligwetsa munthu kawirikawiri, ngati banja. Anawalangiza limenelo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Onse awiri anakana. Kanali koyamba kugwirizana chiikireni malemu m'manda.

Nzeru inabwera kwa kalaliki. Inabwera mwadzidzidzi, ndipo anainyadira nthawi yomweyo. Matayala ndi awiri. Eni ake ndi awiri. Aliyense asankhe limodzi, mnzake asalankhulepo. Mkangano ulowera pati? Iye anatenga lakutsogolo. Anali atawerenga mafayilo a ngozi okwanira kudzaza chipinda, ndipo ankadziwa kuti pa phula chimene chimaimitsa njinga ndi buleki yakutsogolo. Analoza la mizere. Mlamu anatenga lakumbuyo mosazengereza. Ndilo limakankha. Lakutsogolo n'longoperekeza. Analoza la mano, lija la mano aatali kuposa onse.

Aliyense anali wolondola, pa msewu wake. Aliyense anaganizanso kuti wamupusitsa mnzake.

Mayi Mpweya anawachenjeza.

"Mabwana, ngati n'kusakaniza, mano amapita kutsogolo. Lakumbuyo likaterereka, ndi gule. Lakutsogolo likaterereka, ndi chipatala. Inu mwatembenuza."

Kalaliki anamuthokoza chifukwa cha maganizo ake, m'mawu omwe ankathokozera anthu obwera ndi madandaulo kuofesi. Mayiyo anakweza mapewa n'kutola zitsulo zake zovulira tayala. Anati njinga ndi yawo, mano a m'kamwa ndi awonso.

Sabata yoyamba inali ya kalaliki. Kutsogolo njinga inkayenda ngati munthu wophunzira. Kumbuyo inkabwera ikubangula. Anthu pa maloboti ankacheuka kufunafuna lole. Mlonda wa pa ofesi anafunsa ngati bwana ayamba kugayitsa chimanga. Lachitatu kunawaza kamvula, ndipo pa kona ya pafupi ndi banki kumbuyo kunagwedeza chiuno, kamodzi kokha. Kunyumba kalaliki anaibisa nkhaniyi. Anatafuna chakudya chake mosamala.

Loweruka mlamu anapita kumunda. Lamulungu anabwerako thalauza litang'ambika pa bondo. Anakhala pa mpando, n'kunena mwaulemu kwambiri, pamaso pa mlongo wake, kuti tayala la alamu linaleredwa bwino. Likaona matope limagwada. Kalaliki anayankha mwaulemu womwewo kuti m'mafayilo amene amawerenga, chimene chimayambitsa ngozi nthawi zambiri chimakhala pa mpando. Mlamu anafunsa ngati mafayilowo ali ndi mawondo. Ulemu unali ukadalipo, koma unayamba kukwera mawu.

Mkaziyo, amene ankasita zovala, anaimika simbi. Anati Loweruka likubwerali apite onse awiri, pa njinga yomweyo, woyendetsa akhale mwamuna wake popeza ndiye katswiri. Akabwerako adzawayang'ana kumaso. Sadzafunika mboni.

Lachisanu mvula inagwa tsiku lonse. Kalaliki anaiyang'ana pa zenera la ofesi ngati munthu woyang'ana samani ya kukhoti.

Loweruka ananyamuka m'mawa. Pa phula kalaliki anayendetsa mutu uli m'mwamba, mlamu ali kumbuyo, wolemera ngati thumba la simenti, mawondo ali tang'a. Anadutsa misika, anadutsa fakitale ya njerwa. Pa nsanja ya mafoni anakhota. Phula linathera pomwepo, mopanda kutsanzika.

Poyamba panali timiyala. Njinga inayenda. Kalaliki anayamba kukonza m'mutu mawu oti akanene kunyumba, odekha, okhululuka. Kenako dothi linafiira.

Kugwa koyamba kunali kwa pang'onopang'ono. Anakhotetsa chiwongolero kumanja, njinga inapitirira kutsogolo ngati sinamve, kenako inagona chamanzere mosapupuluma. Anadzuka. Kalaliki anayang'ana tayala lake. Timizere tonse tinali titadzaza dongo. Linali losalala ngati mbale yotsuka. Lakumbuyo linali bwinobwino, mano onse panja, lokonzeka kukankha aliyense kupita kulikonse.

Ndipo linakankhadi. Kumbuyo kunkaluma nthaka mwakhama. Kutsogolo kunkasankha kokha kopita. Kugwa kwachiwiri kunachitikira m'ngalande yokumbidwa ndi matayala a ngolo, pamaso pa ng'ombe zinayi zimene zinasiya kudya kuti zione bwino. Kachitatu kanali potsikira kumunda, pamene msewu umapendekera mbali imodzi. Apa kalaliki anatsogola ndi nkhope.

Pa kugwa kulikonse mlamu ankadzuka, kupukuta manja pa udzu, kuthandiza kudzutsa njinga, n'kukhalanso pa malo pake. Kachitatuko anatola ngakhale cholembera chimene chinagwa m'thumba la kalaliki, n'kuchipukuta, n'kumubwezera ndi manja awiri.

Kumundako kunali kanyumba ka malata, mgolo wa madzi, ndi njuchi zimene zinali ndi ntchito yeniyeni. Mlamu anapita kukaona anyezi wake akuimba mluzu. Kalaliki anakhala pa chitsa. Dzanja linkapweteka. M'mano munali mchenga. Anayang'ana msewu umene anadzera, wofiira, wonyezimira. Kumwamba mitambo inali ikusonkhananso. Msewu wobwerera unali womwewo.

Mkamwa mwake munali mawu. Ambiri. Onena za anthu amene amagula munda kumene kulibe msewu. Onena za tayala lokankha ngati chidakwa. Onena za mluzu. Kugwa kulikonse kunkawakankhira pafupi ndi milomo. Anawerenga. Kugwa kwina kuwiri, mwina kumodzi, adzatuluka okha. Atatero anamvetsa chimene mlamu ankaimbira mluzu. Munthuyo sankafunika kupambana mkangano. Ankangofunika kuti uyambe. Kukalipa kumodzi, ndipo Lolemba kalaliki adzakhala pa siteji, akudikira chigongono.

Anadzuka n'kupempha sipanala.

Anakweza njinga pa bokosi la mng'oma wopanda njuchi. Anamasula nati, anasolola chitsulo cha pakati, gudumu lakutsogolo linatuluka. Mlamu anagwirizira chiwongolero kuti njinga isagwe, monga munthu wothandiza.

"Alamu, mukupita nalo kuti?"

"Ndi langa," anatero kalaliki.

Anayesa kuligubuduza. M'matope linakana, monga mwa khalidwe lake. Analisenza paphewa. Kenako pamutu. Kenako paphewa lina. Ng'ombe zija zinali pomwe paja, ndipo zinasiyanso kudya. Anayenda maola awiri kufika pa nsanja ya mafoni. Galimoto ya kabichi inamunyamula kumbuyo, woyendetsa atafunsa kaye ngati njinga yotsalayo ikubwera pambuyo.

M'tauni sanapite kwa Mayi Mpweya. Munthu ali ndi ulemu wake. Anapita ku shopu ina ya pafupi ndi chipatala. Eni ake anamuuza kuti gudumu lalikulu chotero alibe tayala lake, apite kuseri kwa siteji. Anapita ku ina, kutsidya kwa njanji. Kumeneko anamuuza zomwezo, n'kumulozera njira mwachifundo, ndi dzina lomwe.

Anapeza Mayi Mpweya akumwa tiyi, atakhala pa tayala la lole. Kalaliki anaika gudumu patsogolo pake kuti awerenge. Mayiyo sanagwade. Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi.

"Lero tayala lipume, bambo. Ndawerenga thalauza. Kawiri kumanzere, kamodzi chamutu."

Kalaliki anati msewu unali woipa mwapadera. Mayiyo anavomera kuti misewu ya masiku ano ilibe mwambo. Anafunsa ngati tsopano akufuna la theka-theka. Kalaliki anaganiza za malo opendekeka aja, ndi mitambo, ndi munthu wa mluzu amene adzakhale kumbuyo kwake. Analoza la mano.

Mayi Mpweya anamaliza kaye tiyi. Kenako anatulutsa mpweya, anapondaponda m'mbali mwa tayala ndi chidendene, analowetsa zitsulo, ndipo la mizere lija linavuka, latsopano, losalakwa kanthu kupatula kubadwira m'banja lolakwika. Analitsuka n'kulipachika pa msomali. Anati alisungira munthu wa njinga imodzi wopanda mlamu. Polowetsa latsopano anamuonetsa kamuvi ka m'mbali, kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira. Anamuonetsa kawiri. Anati ndi anthu ena sumadziwa. Anamuuzanso kuti akafika pa matope achepetseko mpweya pang'ono, akabwerera pa phula apope. Nthawi ino kalaliki sanathokoze. Anamvetsera.

Gudumu la mano linali lolemera kuposa lija. Manowo ankaluma phewa. Ngolo ya ng'ombe inamutenga theka la njira, theka linalo anayenda. Anafika kumunda dzuwa likupendeka, n'kupeza mlamu ataphika tiyi wa munthu mmodzi. Mlamuyo anayang'ana tayala, anayang'ana mlamu wake, n'kuthira madzi ena mu ketulo. Anagona m'kanyumba ka malata, aliyense atayang'ana khoma lake.

M'mawa anamanga gudumu. Mvula inali itagwanso. Kalaliki anakwera, mlamu anakhala kumbuyo, ndipo analunjika pa malo opendekeka paja.

Njinga inaluma. Anakhotetsa kumanja, inapita kumanja. Anakhotetsa kumanzere, inamvera. Inadutsa m'ngalande ngati ikudutsa pakhomo pake. Kalaliki anadana nazo kwambiri. Ankayembekeza kuti mwina iterereka kamodzi, pang'ono pokha, kuti pakhale chonena. Sinaterereke. Ng'ombe sizinadzutse n'komwe mitu.

Pa nsanja ya mafoni anaima n'kupopa tayala ndi pampu yamanja. Anakwera phula. Phokoso linayamba. Tsopano zigayo zinali ziwiri, china kutsogolo, china kumbuyo, zikuyankhana. Chiwongolero chinkanjenjemera. Pofika pa fakitale ya njerwa zala zinali zitachita dzanzi. Pa kona iliyonse ankachepetsa liwiro ngati wanyamula mazira. Umu ndi momwe zidzakhalire, Lolemba mpaka Lachisanu, mpaka manowo atatha. Masiku asanu kulipirira awiri. Kapepala kake kaja kanali kolondola. Sikanathandize aliyense.

Mkazi wake anali panja akuyanika zovala. Anawamva akadali ku msewu waukulu. Anadikira kuti azimitse injini, avule zipewa. Anayang'ana mwamuna wake, wofiira kuyambira kumapazi mpaka m'makutu. Anayang'ana mchimwene wake. Kenako anayang'ana tayala lakutsogolo, n'kufunsa amene walisankha.

"Ine," anatero kalaliki.

Mkaziyo anafunsa ngati anakangana. Kalaliki anati ayi. Mkaziyo anatembenukira kwa mchimwene wake.

"N'zoona, achimwene?"

Mlamu anatenga nthawi yake. Anaika chipewa pa mpando wa njinga. Anapukuta chipumi.

"N'zoona, mlongo wanga. Ndipo uwanyadire amuna akowa. Anthu ena amasankha tayala mwachisawawa. Alamu anayamba afufuza kaye. Matope aja anawayang'ana pafupi kwambiri. Anawalawa ndithu."

Yankho linafika nthawi yomweyo. Linali labwino. Linali lokhudza anyezi, ndi penti, ndi mwamuna wa zaka makumi anayi amene akudikirabe kuti mlongo wake amupatse njinga. Pa moyo wake wonse kalaliki anali asanapezepo yankho lakuthwa chotero pa nthawi yake. Kawirikawiri mayankho otere ankawapeza mawa lake, ali m'bafa.

Mkazi wake anali akumuyang'ana, malaya onyowa ali m'manja. Mlamu nayenso ankamuyang'ana, mwachikondi, akudikira.

Kalaliki anameza yankho lija. Linatsika movuta, pamodzi ndi mchenga wotsala.

"Analibe mchere, alamu," anatero, n'kuseka. Kusekako kunamveka ngati chitseko chosowa mafuta, koma kunali kuseka.

Nkhope ya mlamu inagwa pang'ono. Mkaziyo anakung'untha malaya aja n'kuwayanika. Anauza mwamuna wake kuti kiyi asunge yekha, mawa ndi Lolemba. Ndipo onse awiri avule nsapato asanaponde pakhonde lake.